Masekondi atatu pa chithunzi chilichonse

Sabata ino ndatukwana laputopu. Ndikuvomera poyera, ine mphunzitsi amene tsiku ndi tsiku ndimadzudzula ana a eni ake chifukwa cha pakamwa. Ndinaitukwana Lachiwiri, ndinabwerezanso Lachitatu, ndipo ikadakhala ndi makutu bwenzi pano tisakupatsana moni.

Nkhani yake ili motere. Atate ndi amayi akwanitsa zaka makumi asanu ali m'banja, ndiye ife ana tinapangana kuti tiwachitire kaphwando mu holo ya tchalitchi kumudzi kwathu, kufupi ndi Sinda. Pogawana ntchito pa gulu lathu la pafoni, wina anatenga za nkhuku, wina za mipando, wina zokatenga abale a ku Vubwi. Ine sanandifunse n'komwe. Achimwene anga aakulu a Limbikani, amene amakhala ku Lusaka koma amayendetsa banja lonse ndi chala chimodzi, anangolemba kuti: "Zithunzi zoonetsa pakhoma akonza Tiyanjane. Ali ndi laputopu."

Basi, mlandu watha. Kwathu kuno ukangokhala ndi laputopu ndiwe katswiri wa chilichonse cholumikiza ku magetsi. Tsiku lina adzandituma kukonza firiji.

Sindinadandaule kwenikweni. Ndinasonkhanitsa zithunzi pafupifupi zana: zina za m'sutikesi ya amayi, zonunkha mankhwala a njenjete, zina zotumizidwa pafoni ndi abale. Ndinapeza pulogalamu ina pa intaneti yolonjeza kuti ntchito yonse imagwira yokha. Ndinathiramo zithunzi, inazisanja, inaikamo ndi kanyimbo. Ndinadziona ngati munthu wotsogola.

Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ndinati ndiwaonetseko eni ake kaye. Ndinaika laputopu patebulo, ndinatseka makatani. Muyenera kudziwa zinthu ziwiri za makolo anga. Amayi diso limodzi lili ndi ng'ala, ndipo linalo limafuna nthawi kuti ligwire chinthu. Atate anadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo. Mutu uli bwinobwino, koma mawu amatuluka limodzilimodzi, ngati ng'ombe pachipata chopapatiza.

Zithunzi zinayamba kuyenda. Chilichonse masekondi atatu. Cha ukwati, masekondi atatu. Cha mbuzi imene wina anajambula mwangozi, masekondi atatu.

Mwadzidzidzi amayi anadzuka pampando.

"Imika! Imika, iwe! Uyo si Esinati?"

A Esinati anali mng'ono wawo wa amayi. Anakwatiwa kutsidya kwa malire, cha ku Mozambique, ndipo anamwalira akadali mtsikana. Chithunzi chawo chilipo chimodzi chokha padziko lonse lapansi, ndipo chinali ndi abale a ku Vubwi, amene ananditumizira pafoni mwezi uno. Amayi sankadziwa n'komwe kuti chilipo.

Pamene chala changa chimafika pa batani, a Esinati anali atazungulira kawiri, n'kusweka tizidutswatizidutswa, n'kuuluka. M'malo mwawo munabwera mdzukulu wina akudya keke, mphuno yonse ili mbuu.

"Wamupititsa kuti?" anafunsa amayi.

"Ndibwezera, amayi, dikirani pang'ono."

"Ndidikire ine? Nanga iwo makina akowo sangadikire? Zaka makumi anayi sindinaone nkhope ya mng'ono wanga, ndiye angondinunkhiza ngati ndiwo za eni ake? Akuthamangira kuti? Ali ndi maliro?"

Ndinabwezera, ndinaimika. Amayi anakoka mpando, nayandikiza nkhope mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atate anandiyang'ana, nasonkhanitsa mawu awo.

"Pa tsiku... lenileni... usadzachite... chonchi."

Ndinabwerera ku Katete ndikudziwa chimene ndikufuna, ndipo sichinali chinthu chachikulu. Ndimafuna pulogalamu yondilola kuuza chithunzi chilichonse nthawi yakeyake: ichi chikhale mphindi yathunthu, icho chingodutsa. Pa zina ndilembepo dzina ndi zilembo zikuluzikulu, pa zina ndisalembepo kanthu. Nyimbo ikhale chete pofika pa anthu amene anatisiya. Kodi ndapempha mwezi kumwamba pamenepa?

Lolemba ndinayesa yoyamba. Inandilola kusintha nthawi, ndipo ndinasangalala. Ndinapatsa a Esinati masekondi makumi atatu. Pobwerera ndinapeza kuti yapatsa masekondi makumi atatu kwa aliyense, kuphatikizapo mbuzi ija. Ukakweza mmodzi, wakweza onse. Ukatsitsa mmodzi, watsitsa onse. Tangoganizani holo yodzaza ndi anthu anjala, akuyang'anitsitsa mbuzi kwa theka la mphindi.

Lachiwiri ndinayesa ina. Iyi inali ndi nthenda yodula mitu. Atate ndi munthu wamtali, ndipo zithunzi zawo zambiri anajambulitsa ataimirira. Pulogalamuyo inkafuna kuti chithunzi chilichonse chidzaze galasi lonse, ndiye inkangodula pamwamba ndi pansi. Atate pa tsiku la ukwati wawo: taye, mabatani a jekete, lamba. Mutu kulibe. Ndinafunafuna poti ndiiuze kuti chithunzi ichi chokha usachikhudze. Panalibe. Inali ndi maluwa ogwa kuchokera kumwamba amitundu khumi ndi iwiri, timitima touluka, ngakhale chipale chofewa, chimene amayi anga sanachionepo ndipo sachifuna. Koma pobwezera mutu wa atate panalibe.

Apa ndi pamene ndinatukwana koyamba.

Ya Lachitatu ndiyo inandipweteka mtima kwambiri, chifukwa inachita zonse zimene ndimafuna. Masana onse ndinakhala m'chipinda cha aphunzitsi ndikusanja, chakudya osadya. Nditamaliza ndinadina kuti isunge. Inasunga ndithu, koma inadinda dzina lake ndi zilembo zoyera pakati penipeni pa chithunzi chilichonse. Pa a Esinati linadutsa pamaso. Kuti dzinalo lichoke, akuti ndilembe manambala a khadi la kubanki lolipirira kunja. Bwanji osandiuza pakhomo pomwe ndisanavule nsapato? Munthu amakuitanira m'nyumba, nakupatsa mpando, nakusambitsa m'manja, kenako n'kunena kuti mbale n'zobwereka?

Ina siinkagwira ntchito popanda intaneti. Inameza bandulo yanga ili pa chithunzi cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi, kenako malaiti anapita, ndipo zonse zinapita nawo. Ina, yodzitcha yanzeru, inasankha yokha nyimbo yogwirizana ndi zithunzi. Pa chithunzi cha maliro a agogo inaikapo nyimbo yogwedeza chiuno.

Ndinalemba pa gulu la banja kuti zinthu zavuta. A Limbikani anaimba foni nthawi yomweyo.

"Vuto lako umakonda kuvutitsa zinthu zosavuta," anatero. "Siya choncho. Aliyense taimu yofanana."

"Achimwene, amayi saona msanga."

"Ndamva. Manje tamvera. Ukapatsa uyu mphindi, uyo masekondi asanu, alamu ako adzakhala ndi wotchi m'manja. Adzati ana a uje anakhalitsa pakhoma, anga anangodutsa. Udzayambitsa nkhondo imene sudzaitha. Makina sakondera, ndiye ubwino wake."

Ndisaname, mawu amenewa ali ndi nzeru zake. Banja lathu ndimalidziwa. Tinakhalapo miyezi itatu osalankhulana chifukwa cha amene anakhala kutsogolo m'galimoto popita ku chinkhoswe. Koma kodi kupatsa aliyense mofanana ndiye chilungamo? Zala za dzanja limodzi sizilingana, koma palibe amene amapita nazo kwa kalipentala kuti azidule zifanane. Mdzukulu wa keke uja ali ndi zithunzi mazanamazana m'mafoni athu, ndipo mwini wakeyo adzakhala akuthamangathamanga mu holo momwemo. A Esinati ali ndi chimodzi.

Lachinayi nditaweruka ndinanyamula laputopu kupita kwa a Saidi. A Saidi ali ndi situdiyo yojambula kuseri kwa msika. Anabadwira ku Malawi, koma akhala mu Katete zaka zambiri moti theka la maukwati a m'boma lino linadutsa m'kamera yawo. Ndinawapeza akupinda mkeka wawo wopempherera. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za mutu wa atate, ndipo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Aphunzitsi, pepani, sindikuseka inu. Mukudziwa, pa makasitomala anga onse palibe anabwerapo kudzapempha kuti chithunzi chichedwe. Onse amati, a Saidi, ikanimo zouluka, ikanimo moto, zizithamanga ngati za pa TV. Opanga zinthuzi amapanga zimene anthu akufuna."

"Ndiye kuti palibe?"

"Ilipo. Kodi mukamaphunzitsa ndi pulojekita kusukulu kwanu, manotsi aja mumawaonetsa ndi chiyani?"

Ndinawauza: pulogalamu ija ya masamba, imene timalembamo mitu ya phunziro.

"Tsegulani."

Ndinatsegula. Anaika chithunzi chimodzi pa tsamba limodzi, china pa tsamba lina. Kenako analoza ndi chikhadabo pakona yakumwamba, kudzanja lamanja, pa kabokosi kakang'ono ngati njere ya mpendadzuwa.

"Apa mumaliuza tsamba ili lokha kuti likhale nthawi yakuti. Linalo mumaliuzanso zake. Chithunzi mumachikoka nokha, mutu sudulidwa. Mukafuna kulembapo, lembani. Intaneti siifuna."

Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndi laputopu imeneyi. Zaka zisanu ndi zitatu ndikutsegula pulogalamu yomweyi pafupifupi sabata iliyonse. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya sabata yathunthu.

Koma manyazi atatha, mkwiyo unabwereranso. N'chifukwa chiyani chinthu chofunika chotere achibisa pakona, pamene timitima touluka atiika pakhomo penipeni? Ndani anagamula kuti masekondi atatu akwanira kuona nkhope ya munthu? Anayesera pa maso a ndani? Ndikukhulupirira kuti anali mnyamata wa maso akuthwa, amene sanadikirepo chithunzi cha m'bale wake zaka makumi anayi.

Ndili m'njira yobwerera kunyumba, mawu a a Saidi anandivutitsa. Opanga zinthuzi amapanga zimene anthu akufuna. Ndiye kuti olakwa si anthu akutali okha ayi. Ifenso tili momwemo.

Mwapitako ku mwambo uliwonse posachedwapa? Mlendo wolemekezeka amafika mochedwa ndi maola awiri, tonse tili padzuwa, ndipo palibe amene amatsegula pakamwa. Akafika amalankhula mpaka ana kugona. Ndiye ikafika nthawi ya nkhalamba imene mwambowo ndi wake, woyendetsa mwambo amathamangira pa maikolofoni: "Chifukwa cha nthawi, agogo, mwachidule chabe." Chifukwa cha nthawi! Nthawi yake iti, imene tinaitaya tokha m'mawa?

Pamaliro n'chimodzimodzi. Munthu wakhala zaka makumi asanu ndi atatu, walima, walera ana ake ndi a eni ake, wakumba zitsime, wayanjanitsa mabanja. Mbiri yake timaiwerenga ngati chilengezo cha ng'ombe yosochera: anabadwa, anakwatira, anadwala, watisiya. Kenako zilengezo za magalimoto obwerera ku Chipata zimatenga nthawi yoposa pamenepo.

Ndisaloze anzanga okha. M'kalasi mwanga muli mtsikana wachibwibwi. Ndikamufunsa funso, ndimawerenga mumtima: wani, thu, fili, kenako ndaloza wina. Ndimadziuza kuti ndikumupulumutsa ku manyazi, ndiponso kuti ana ndi ambiri, aliyense apeze mpata wofanana. Sabata ino ndazindikira kuti yankho amakhala nalo. Chimene sindimupatsa ndi nthawi yoti alitulutse. Ndiye ine ndi pulogalamu yodula mitu ija tikusiyana pati?

Lachisanu ndinakhala pansi n'kupatsa chithunzi chilichonse nthawi yake. Ndinaganizira chimodzichimodzi ngati woweruza. A Limbikani sindinawauze.

Dzulo, Loweruka, linali tsiku la phwando. Holo inadzaza. Tinapachika nsalu yoyera pakhoma, tinatchinga mawindo ndi zitenje, pulojekita ndinabwereka kusukulu. Atate ndi amayi anakhala kutsogolo, atate ndodo yawo ili pakati pa miyendo. Woyendetsa mwambo anali a Tembo, mkulu wa mpingo, munthu wabwino koma wokonda wotchi yake.

Zinayenda bwino. Mutu wa atate unaoneka, ndipo anthu anaombera m'manja tsitsi lawo la nthawi imeneyo. Pofika pa a Esinati nyimbo inakhala chete monga ndinaiuzira. Nkhope yawo inadzaza khoma, yaikulu kuposa chitseko. Amayi anaiona bwinobwino osadzuka pampando. Mayi wina wachikulire wa ku Vubwi anayambitsa nyimbo ya chitonthozo chapansipansi, ena n'kulandira. Mphindi inatha, chithunzi chinasintha mofatsa, ndipo amayi anagwedeza mutu kuti zakwana. Ine kumbuyo kwa laputopu ndinadzitama mumtima. Ndinati ntchito ndaigwira.

Kenako panabwera chithunzi china chimene ndinachipatsa masekondi anayi. Ndinatsala pang'ono kuchichotsa n'kuchichotsa. N'chosaoneka bwino, chachikasu ndi ukalamba: kanyumba ka zidina kosamaliza kufolera, ndi munthu ali padenga atafulatira, mtolo wa udzu uli m'manja. Nkhope palibe. Ndinachisiyamo chabe chifukwa chinali m'sutikesi.

Chinabwera, chinapita.

Gu! Gu! Gu! Ndodo ya atate pasimenti.

"Bwe... bwezera."

Ndinabwezera, n'kuimika. Atate anayamba kulimbana ndi mawu. Pakamwa pankayenda koma mawu osatuluka. A Tembo anayang'ana wotchi, nayang'ana kukhomo kumene amayi a mapoto anali ataima kale, nayamba kuyandikira maikolofoni.

"A Tembo," anatero amayi osatembenuka n'komwe, "khalani pansi."

A Tembo anakhala pansi.

Zimene atate ananena zinatenga nthawi yaitali, ndipo sindingazilembe mmene zinatulukira. Koma anati munthu ali padengayo ndi iwo. Inali nyumba yawo yoyamba. Amene anawajambula ndi msuweni wawo wochokera ku migodi, amene anabwera ndi kamera yatsopano n'kumangojambula chilichonse. M'nyumba imeneyo munabadwira mwana wawo woyamba, wamkazi. Anakhala ndi moyo masiku asanu ndi limodzi okha.

Ndinayang'ana a Limbikani. Moyo wawo wonse akhala akudziwika kuti ndiwo oyamba kubadwa. Ifenso tonse timadziwa choncho.

Atate anapitiriza. Masiku amenewo khanda lotere silinkaliridwa. Amayi achikulire ankalitenga okha kukaliika mwakachetechete, ndipo bambo ankauzidwa kuti alimbe mtima, adzabwera ena. Tsono iwo m'mawa mwake anakwera padenga n'kuyamba kufolera, ngakhale mvula inali kutali, kuti anthu aziona msana wawo osati nkhope.

"Anthu anati... alibe dzina," anatero atate. "Koma ife awiri... tinamutcha. Dzina lake... Ta... Ta..."

Linakanirira pakhosi. Anayesanso, linakana. Amayi ankalidziwa dzinalo. Akanatha kulinena, nkhani n'kutha, ndipo ine mumtima ndinkawapempha kuti awathandize. Sanatero. Anangoika dzanja pabondo la atate n'kudikira, holo yonse n'kudikira nawo.

"Tamandani," anatero atate pomaliza.

Zithunzi zotsalazo sindinazisiyenso kuti ziziyenda zokha. Nthawi zonse zija ndinazisanja Lachisanu ndinazizimitsa, n'kumadina ndi chala, maso anga ali pa makolo anga. Akagwedeza mutu, ndadina. Akayamba kulozerana, ndasiya. Mpunga unazizira. Alamu anga sanawerenge masekondi a munthu aliyense, kapena ngati anawerenga sanandiuze.

Anthu akudya, a Limbikani anabwera pamene ndimakulunga mawaya. Anaima kanthawi, manja m'thumba, ngati munthu wofuna kubwereka khasu kwa mnansi amene anakangana naye.

"Chithunzi cha nyumba chija," anatero. "Unditumizireko."

Mkwiyo wanga pa mapulogalamu aja sunathe, ndipo amene anabisa kabokosi kaja pakona ndikadakumana naye tikadakambirana bwino. Koma ndaona kuti ngakhale ine, mwana wa m'nyumba momwemo, nditapatsidwa mphamvu zonse zosankha, ndinapatsa chithunzi cholemera kuposa zonse masekondi anayi. Ndinali ndi sabata yathunthu yofunsa intaneti, ndipo sindinapeze ola limodzi lokhala ndi atate n'kuwafunsa kuti, kodi uyu ali padenga ndani?

Atate asunga dzina limeneli pafupifupi zaka makumi asanu, ndipo likadapita nawo kumanda. Kwanu nakonso kuli nkhalamba imene ikayamba kulankhula mumaimalizira mawu kuti ifulumire. Mukudziwa dzina limene ikusunga?